Ndodo Yopimira Dizilo

Ntchito yanga ku Joni inali yogawa msewu. Ndikanena choncho anthu amaseka, koma ndi mmene zinalili. Ndinkakhala m'kontena yachitsulo imene anaiboola mawindo awiri n'kuitcha ofesi, pa yadi ya malole kuseri kwa Benoni. Dalaivala akabwera ku ulendo ankandiponyera pepala pawindo, lonunkha girisi ndi thukuta, nthawi zina lodontheredwa tiyi. Papepalapo panali timabokosi, ndipo m'kabokosi kalikonse ankayenera kulemba nambala imene wotchi ya mtunda, ija ya kuseri kwa chiwongolero, inkaonetsa pa chipata cha malire: pa Beitbridge, pa Nyamapanda, pa Mwanza, pobwerera chimodzimodzi. Ine ndinkachotsera nambala ina pa inzake n'kupeza makilomita a dziko lililonse palokha, awa a South Africa, awa a Zimbabwe, awa a Mozambique, awa a Malawi.

Adona, mkazi wa mwini malolewo, ndiwo ankayendetsa ofesi. Anandifotokozera kamodzi kokha, ndudu ili pakamwa, kuti boma lililonse limafuna msonkho wake wa mafuta ndi wa msewu molingana ndi mtunda umene lole yaponda m'dziko mwake, ndiponso kuti dizilo wogulidwa kuno koma wokapsera kunja ali ndi kawerengedwe kakekake. Ikapita miyezi ingapo ankamanga mapepala onse ndi mphira n'kupita nawo kwa munthu wa zamisonkho ku tauni. Zambiri sindinkazimva, ndipo sindinkafunanso kuzimva. Ine anandilemba ntchito yosesa ndi kuphika tiyi. Kalaliki wawo atachoka osatsazika, anangondikankhira kamakina kowerengera masamu pamaso, tsache n'kukhalabe langa.

Ndinabwera pakati pa zaka za m'ma 1990, nthawi imene aliyense wa miyendo iwiri kwathu ankalota za Joni. Ndinkatsatira bambo wa mwana wanga. Ndinawapeza ku Daveyton ali kale ndi khomo lina, ndipo nkhani imeneyo ithere pomwepo, siyoyenera kuthera inki. Mwanayo, wamkazi, ndinamusiya kwa amayi anga kufupi ndi Lizulu atangoyamba kulumikiza mawu, ndikuti ndibwera chimanga chisanache. Chimanga chinacha, anakolola, anabzala china, nachonso chinacha. Chidindo cha m'pasipoti mwanga chinatha mphamvu mwezi woyamba womwewo, ndipo aliyense ankandiuza zofanana: ukangotuluka pa Beitbridge ndi pasipoti yotereyi, usayembekeze kulowanso. Ndiye ndinakhala, mwendo umodzi kuno wina kwathu, ngakhale ndinkadziwa bwino lomwe kuti mapanga awiri avumbwitsa.

Sindinali munthu wokhazikika. Ku Wattville ndinasamuka zipinda mpaka eni nyumba anayamba kundiloza chala: uku denga likudontha, uku agalu akuchuluka, uku popanda chifukwa chilichonse, kungoti makomawo ndatopa nawo. Muofesi mwendo wanga unkanjenjemera pansi pa tebulo mpaka masupuni kulira m'makapu, adona n'kukuwa kuti ndisiye kupalasa njinga. Tangoganizani, tsiku lonse munthu ukuwerenga msewu wopita kwanu, chigawo ndi chigawo, malole akubangula panja mphuno zitaloza kumpoto, iwe uli m'chitini. Msewu umenewo ndinkaudziwa pamtima, chonsecho ndinali nditaudutsa kamodzi kokha, theka la njira ndikusinza. M'mwezi wa Ogasiti, mphepo ikamanyamula fumbi lachikasu la m'zulu za migodi n'kutilowetsa m'mano, ndinkatuluka kukazungulira mpanda wa yadi ngati nkhuku yosowa poikira.

Chimene chinkandigwira kuti ndisapenge chinali ndodo ya madala. Madala ndi mmene yadi yonse inkawaitanira: dalaivala wamkulu kuposa onse, wamfupi, wa chipewa chaubweya chimene sankavula ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anayamba ndi migodi ali mnyamata, ndipo ndi bwana ankayankhulana Chifanakalo, chiyankhulo cha m'migodi, chimene ife obwera mochedwa tinkangochiseka. Kwawo kunali kumalire, pakati pa Dedza ndi Angonia. Malole ena onse akumpoto ankathera ku Blantyre. Yawo yokha ndi imene inkapitirira mpaka ku Lilongwe, ndipo msewu wake umadutsa pa msika wa Lizulu penipeni. Popita ankaima pang'ono, kusiya kathumba kanga kwa mayi wina wogulitsa kachewere ndi kumuuza tsiku limene adzadutsenso. Pobwerera ankapeza amayi anga ndi mwana akudikira m'mbali mwa msewu.

Kasingano koonetsa mafuta m'lole yawo kanafa kalekale, ndiye ankapima dizilo ndi ndodo yansungwi yowafika pachifuwa. Ankaiviika m'thanki n'kuona pamene yanyowa. Mbali imodzi anaitema timizere ta thankiyo, mbali inayo inali ya mwana wanga. Ulendo uliwonse ankamuimika pa phula, wopanda nsapato, msana ku ndodo, n'kutema kamzere ndi mpeni pamene pafika mutu. Akafika ku Benoni, asanaponye n'komwe pepala, ankalowa m'kontena ndi ndodoyo n'kuiimika pansi pambali panga. Kamzere koyamba kanandifika pantchafu. Patapita nthawi kanafika m'chiuno. Nthawi zina katsopano kankangogundana ndi kakale, ine n'kuyamba kuvuta kuti mwana sakudya, iwo n'kuseka kuti mwana si dzungu. Pamodzi ndi kamzereko ankabweretsa tinkhani: dzino lakutsogolo laguluka, diresi lija n'lalikulu koma wakana kulivula, wayamba kudziwa kubwezera mawu ngati mayi wake. Chithunzi chake ndinali nacho chimodzi, koma chithunzi sichikula. Ndodo ija inkanunkha dizilo, ndipo mpaka lero lole ikandidutsa ndi utsi wake mtima umayamba wadumpha.

Vuto linali limodzi: madala sankalemba nambala pa chipata cholowera kwathu. Sikuti ankaba mafuta kapena kukhotera kwina, ayi, makilomita onse a ulendo ukawaphatikiza ankakwana bwinobwino. Kungoti iwo anali ndi malire awoawo. Ukawoloka mlatho wa Zambezi pa Tete n'kuyamba kukwera zitunda, pali kamsika kena m'mbali mwa msewu, m'kati mwa Mozambique ndithu, pamene amayi ogulitsa nthochi amayamba kukulonjera m'Chichewa. Madala ankaima pamenepo, kugula nthochi, kutambasula pepala pachiwongolero n'kulemba kuti alowa m'Malawi. Pobwerera ndiye ankachita kunyanya: mpaka ataona madzi a Zambezi m'pamene ankavomera kuti atuluka. Mozambique wa madala ankaonda ulendo uliwonse, Malawi n'kumanenepa.

Nditawafunsa koyamba, anandiyang'ana ngati ndine mwana wofunsa chifukwa chake mchere umawawa. Anati pa chipata pamakhala piringupiringu, osintha ndalama, okonza mapepala a katundu, apolisi, aliyense akukukoka malaya, munthu ungakumbukire wotchi? Komanso, anatero, iwo anakula ng'ombe za bambo awo zikudya m'mawa ku Malawi, masana ku Mozambique, ndipo palibe ng'ombe inadindidwapo pasipoti. Mlongo wawo anakwatiwa tsidya linalo, maliro amaikira limodzi, nyimbo zake n'zomwezo.

"Akalaliki," ankanditcha choncho pondiseleula, "kwathu kumayambira pamene munthu wakufunsa kuti mwadzuka bwanji, iwe n'kumva. Chitsulo chotsekera msewu chija n'cha boma."

Ndinkaseka nawo, chifukwa panthawiyo palibe ankasamala. Koma tsiku lina adona anabwera kuchokera ku tauni nkhope ili psuu, mtolo wa mapepala uli m'khwapa. Munthu wa zamisonkho anali atawabwezera: malole onse akudutsa msewu umodzi, koma imodzi yokha ili ndi Mozambique wakewake. Anaitanitsa madala nawafunsa ngati dziko la eni lija linachapidwa n'kukhwinyata. Sanakalipe kwambiri, ankawakonda mkuluyo, zaka zonsezo anali asanagwetsepo lole. Koma anati zikapitirira, msewu wakumpoto aupereka kwa wina, iwo azingopita ku Durban n'kubwera, kumene kulibe malire oti asokoneze. Kuyambira tsiku limenelo pepala linayamba kukhala ndi kaboni pansi, ndipo linzakelo mlonda ankaling'amba pa geti n'kukapereka kwa adona, langa lisanandifike.

Madala anatuluka akuimba mluzu. Amene anagwira tebulo ndi manja awiri ndine. Ku Durban kuli mwana wa ndani? Dalaivala woti akanalowa m'malo mwawo anali Msotho wina wamtali wosayankhulayankhula, munthu wabwino ndithu, koma Chichewa sankadziwa ngakhale cha moni. Akanaima pa Lizulu kufunafuna mayi wa kachewere pakati pa amayi onse aja a kachewere? Akanagwada pa phula ndi mpeni kupima mwana wa tiyigelo? Ndinaona kuti lole ija ikangosintha manja, ineyo ndachita khungu.

Ndinayamba kuwasaka madala ngati ngongole ya sitolo. Ndinamasula ubweya wofiira pa juzi yanga n'kuwamangira pachiwongolero kuti uziwakumbutsa. Ndinadula katoni ya sopo, kulembapo mayina a zipata ndi zilembo zikuluzikulu n'kumata pafupi ndi wotchi. Akamadutsa pawindo ndinkawafunsa ngati a kalasi ya ubatizo kuti mukafika pa Mwanza mumatani, iwo n'kuyankha moimba kuti timalemba, akalaliki, timalemba. Ulendo wotsatira popita analembadi pa chipata. Pobwerera mtima unawakanika, analembanso pa mlatho wa Tete. Anati ubweya uja anauona, koma anaganiza kuti alemba patsogolo pang'ono, ndipo patsogolo pang'onopo panali pa Zambezi. Adona anayang'ana pepala, kuyang'ana madala, n'kukweza chala chimodzi m'mwamba, ndipo tonse tinamva kuti watsala mwayi umodzi.

Ndinapsa mtima, sindibisa. Munthu wamkulu, wa imvi zake, kulephera kachinthu koti mwana wa Sitandade 3 angachite atatsinzina. Masana a tsiku loti mawa lake anyamuka, ndinawapeza atakhala pamthunzi wa ngolo akudya buledi ndi mahewu. Anandisunthira kuti ndikhale pa tayala, ine ndinakana. Ndinayamba ndi za msonkho, za adona, za munthu wa ku tauni, iwo akungotafuna. Kenaka mawu anatuluka okha.

"Bambo, mwina inu msewu uwu mwatopa nawo. Mukapita ku Durban muzikaona nyanja. Nanga ine? Ndodo ija ndi maso anga. Mukachoka pa msewu umenewu, mwana uja ndamutaya."

Anasiya kutafuna. Anatseka botolo la mahewu, kuliika pansi, ine n'kuyamba kuchita manyazi ndi misozi yanga pamaso pa amakaniko.

"Bwanji osanena kale?" anatero. "Ine ndimayesa mukulimbikira za boma. Chabwino, amayi. Ndikalemba pa chitsulo penipeni, ngakhale apolisi andivule chipewa."

Linali tsiku loyamba kunditcha amayi. M'mawa mwake ndinawapatsa kathumba ka nsapato zapulasitiki, sopo ndi shuga, ndipo ndinaima pa geti mpaka lole inakhota pa maloboti.

Ulendo wa ku Lilongwe unalibe tsiku lenileni lobwerera. Zinkatengera mizere ya pa malire, katundu wobwerera naye, matayala. Foni kunalibe, dalaivala akatuluka pa geti ankakhala m'manja mwa Mulungu mpaka tidzamve hutala. Masabata amenewo ndinawayenda ndi miyendo. Ndinkatsika takisi kutali dala kuti ndiyende wapansi m'mbali mwa njanji. Ndinkathira mchere m'tiyi wa bwana, kutsuka makapu otsukatsuka, kuwerengera pepala limodzi kawiri n'kupeza mayankho awiri. M'mutu ndinkangoyendetsa lole ija: lero ali pa Beitbridge, lero akudutsa Harare, lero aona mlatho, Ambuye agwireni dzanja asatulutse bolopeni pa nthochi paja. Lamulungu ku tchalitchi chathu cha Amalawi, chimene chinkasonkhana m'kalasi ya sukulu ku Wattville, ndinatuluka ulaliki uli pakati. Mayi wina wa chigwirizano ananditsata panja kudzafunsa ngati ndili ndi pakati. Ndinamuuza kuti ayi, ndili ndi msewu.

Madalaivala a ku Blantyre akabwera ndinkawathamangira asanazimitse n'komwe injini. Mmodzi anati anawaona madala pa Mwanza popita, ataima kutsogolo kwa chitsulo chija, mzere wonse kumbuyo ukuwaimbira mahutala, iwo akulemba nambala pang'onopang'ono lilime lili panja. Ndinaseka mpaka kukhala pansi. Tsiku limenelo ndinagula nyama ya nkhuku pobwerera kunyumba, ndipo ndinauza mwini nyumba kuti mwezi uno sindisamuka.

Madala anafika Lachinayi masana, mphepo ili m'kati. Ndinamva hutala yawo, ndinaona mlonda akung'amba kaboni pa geti, ndinapukuta manja n'kuima pamalo panga paja pambali pa tebulo, pamene ankaimika ndodo. Koma madala sanalowe. Anabwera pawindo ngati dalaivala wina aliyense, chipewa chili m'manja. Aka kanali koyamba kuona dazi lawo.

Pepala linali loyera ngati la mwana wa mphunzitsi. Beitbridge, Nyamapanda, Mwanza, nambala iliyonse m'kabokosi kake. Pobwerera, Nyamapanda analemba, Beitbridge analemba. Kabokosi kotulukira m'Malawi kokha kanali mbee, kopanda ngakhale kadontho. Ndinawayang'ana. Ndinafunsa za ndodo. Anati ndodo ili kuseri kwa mpando, ndipo ilibe kamzere katsopano.

Anafotokoza ataima pawindo pomwepo. Pa Lizulu anawapeza onse awiri, amayi ndi mwana, ali bwino, nsapato zija zili kumapazi. Anatulutsa ndodo monga mwa nthawi zonse, kumuuza mwana kuti avule nsapato. Mwanayo anaika manja kumbuyo n'kukana. Agogo ake anamunyengerera, kumuopseza, iye osasuntha. Ndiye anayankhula, pamaso pa msika wonse.

"Akuti chiyani?" ndinafunsa.

"Akuti, amayi anga ngati akufuna kudziwa pamene ndafika, abwere adzaone okha. Ine si thanki."

Madala anati anakwera lole osadziwa kuti akwera bwanji. Mawuwo anayenda nawo kutsika Ntcheu, Balaka, Zalewa, akuganiza kuti akafika adzandiuza chiyani, kapena angotema kamzere kabodza ndi mpeni. Pa Mwanza anadinditsa mapepala, anatsegulirwa chitsulo, anadutsa, ubweya wofiira uli pamaso pawo. Anadzazindikira akuona madzi a Zambezi kuti sanalembe. Anatulutsa bolopeni pa mlathopo, monga kale, kenaka anakumbukira zimene anandilonjeza n'kuibweza m'thumba.

Ndinawanong'oneza kuti nambala ya pa Mwanza siyovuta kuipeza, msewu sunasinthe. Anapukusa mutu. Anati linzake lili kale pa tebulo la adona, komanso iwo m'moyo wawo analembapo pa malo olakwika, koma chimene sanachione ndi maso sanalembepo. Kenaka anavala chipewa n'kupita okha kukagogoda kwa adona.

Adona sanakuwe. Ndinkawamva kupyolera m'khoma lachitsulo akuyankhula motsitsa, kuti msewu uja ndi wautali, kuti maso a munthu amatopa, kuti ku Durban azigona kunyumba kawirikawiri. Madzulo asanaweruke, madala anatsitsa bulangete lawo, ketulo ndi Baibulo m'lole muja n'kuzinyamulira ku ina yaing'ono ya kuseri. Ndodo anaisiya. Timizere take tinali ta thanki imeneyo, ku lole ina sikanagwira ntchito.

Masiku otsatira mwendo wanga unasiya kunjenjemera, ndipo adona anafunsa ngati ndikudwala. Sindinkadwala. Ndinkangomva mawu aja, ine si thanki, potsegula kontena, pochotsera manambala, potsuka makapu. Poyamba ndinakwiya naye mwanayo: nsapato zimene waponda pokanapo wagula ndani? Kenaka ndinakwiya ndi amayi kuti ndiwo amuphunzitsa. Koma pakamwa pamenepo ndinkapadziwa mwini wake. Ndikanakhala ine pa msinkhu umenewo, ndikanayankhula zomwezo, mwinanso kuposa.

Lole ya ku Lilongwe itadzaza katundu wina, ndinapita kwa adona n'kuwauza kuti ndikufuna mpando wa kumanzere. Za pasipoti yanga ankazidziwa, ngakhale tinali tisanazikambepo. Anandiuza mosabisa kuti malo sangandisungire, ndipo pa Beitbridge mwina sadzandilolanso. Ndinati ndamva. Anazimitsa ndudu, n'kundiuza kuti ndikaonetsetse kuti Msothoyo akulemba pa zipata. Madala sindinawatsazike bwino. M'mawa umenewo anali kale pa msewu wa ku Durban. Ndinangomasula ubweya wofiira uja pachiwongolero n'kuusiya kwa mlonda kuti adzawapatse.

Msothoyo analibe vuto ndi malire. Chitsulo chikangoonekera, bolopeni ili kale m'manja. Pa Beitbridge anandidinda chidindo chimene ndinakhala ndikuchiopa zaka zonsezo, munthu wake osandiyang'ana n'komwe kumaso. Manambala amene ndinkawachotsera m'kontena muja anasanduka minga, milambe, ana ogulitsa madzi, kutentha kwa Tete kumene kumakulowa mpaka m'mafupa. Titawoloka mlatho n'kuyamba kukwera, dalaivala anaima pa kamsika kena kuti aone matayala. Mayi wina anabwera pawindo langa ndi lichero la nthochi pamutu.

"Mwaswera bwanji, achemwali? Tigulani nthochi."

Ndisanamuyankhe, maso anga anali atathamangira kale ku wotchi ya mtunda. Ndinagula phava lonse, ndipo sindinathe kumufotokozera Msothoyo chimene ndinkalirira pa nthochi.

Pa Lizulu tinafika tsiku la msika, dzuwa likupendeka, kamphepo kozizira ka kwathu kakuwomba. Ndinamupempha dalaivala ndi manja kuti aimbe hutala. Ndisanatsike n'komwe ndinaona kamtsikana kakudumpha milu ya kachewere ndi kabichi, nsapato zapulasitiki zili m'manja. Sindinafunse munthu kuti ameneyu ndani; mathamangidwe ake anali a mchemwali wanga. Kumbuyo kwake amayi ankabwera akumanga chitenje, akukuwa kuti asamale galimoto.

Mwanayo sanabwere kwa ine. Anazungulira kutsogolo kwa lole, kuima pansi pa chitseko cha dalaivala n'kuyang'ana m'mwamba. Ataona nkhope yachilendo anabwerera pang'onopang'ono. Apo n'kuti ine nditatsitsa chikwama, amayi atandigwira m'khosi akulira, amayi a pamsika atatizungulira. Dalaivala anali ndi ulendo wake, anandikwezera dzanja n'kuyamba kulowa mumsewu.

Amayi anamukoka mwanayo pamkono n'kumuuza kuti awa ndi amayi ako. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Anagwada, monga anaphunzitsidwira, n'kundipatsa moni wa alendo, dzanja lina litagwira chigongono. Kenaka anacheukira lole ija, imene inali itayamba kale kukwera chitunda cha ku Dedza.

"Agogo andodo aja sanabwere?" anafunsa. "Ndimati lero ndiima bwinobwino andipime. Nsapato ndavula kale."

Ndodo inali kuseri kwa mpando, ndipo lole inali itapita. Ndinamudzutsa, kumutembenuza, n'kumuimika msana wake pamimba panga, pa phula pomwepo. Anaima chilili osapuma, chibwano m'mwamba, manja m'mbali, monga ankaimira kwa madala. Ndinaika chikhatho pamutu pake. Panali pansi pa bere langa, kupitirira pamene kamzere komaliza kanandifika.